Phiri M'bokosi

Madzulo tisananyamuke tinayeza zonse
pa sikelo ya nkhosa ya a Cárcamo, aneba athu ku Coyhaique.
Bokosi lathabwa ndi mvukuto wake wachikopa: makilo asanu ndi limodzi.
Miyendo itatu ija, yosadziwa kudziyendera yokha: anayi ndi theka.
Magalasi awiri okulungidwa m'masokosi a malemu mayi,
nsalu yakuda, timafelemu tinayi tobisa filimu,
madzi, buledi, tchizi chouma gwa.
Singano inanjenjemera n'kuima pa makumi awiri ndi atatu.
Bambo anati, "Nélida, chotsa jekete lachiwiri."
Galasi lalikulu lija sanalitchule n'komwe.

Zaka makumi atatu katunduyu anali wawo.
Chaka chino mawondo awakana,
ndiye msana ndi wanga, maso ndi awo.

M'nkhalango ya lenga nthambi iliyonse
inkafuna kupatsana moni ndi miyendo itatu.
Lamba wakumanzere anapeza fupa la phewa
n'kumangapo nyumba.
Ngodya ya bokosi inkandigogoda pa nthiti,
odi, odi, kuyambira kumlatho mpaka mitengo itatha.
Bambo patsogolo, ndodo ziwiri,
pakhosi kachipangizo koyezera kuwala
kopepuka ngati dzira,
akuimba mluzu.
Ndinawerenga mapazi kuti ndisawayankhe.

Pa miyala yogumuka, ukaponda katatu umabwerera kamodzi.
Anyamata awiri a ku Santiago anatipyola akuthamanga,
wina anakweza foni, thwa, osaima,
Cerro Castillo yense n'kulowa m'thumba la kabudula.
"Agogo, m'bokosimo muli maliro?"
Bambo anaseka mpaka kutsokomola.
Ine ayi.

Pamwamba, thamanda lobiriwira ngati sopo,
ndi mphepo yosafunsa dzina.
Tinaimika miyendo, tinatambasula mvukuto,
koma bokosi linkanjenjemera ngati mwanankhosa wobadwa kumene.
"Koleka chikwama pansi pake," anatero.
Katundu yemwe ndinamutukwana maola asanu
ndi amene anagwira kamera kuti isapite ku Argentina.

Kenako anandikokera m'nsalu yakuda.
Fungo la fodya wawo wakale, mpweya wathu awiri.
Pa galasi losalala phiri linali chadodolido,
nsonga zake zikulendewera ngati mawere a ng'ombe,
thamanda lili kumwamba, osatayika ngakhale dontho.
"Ukuona?" Ndinati ndikuona.
"Ine sindikuonanso bwino m'mphepetimu. Pindira ndiwe."
Chala changa pa kagudumu kamkuwa,
pang'ono, pang'ononso, kubwerera,
mpaka mng'alu wa madzi oundana unati ngwee.
Sindinadziwe kuti maso nawonso ayamba kuwakana.

Tinadikira.
Buledi anatha. Zala zinafa.
Mtambo unakhala pa nsonga ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.
Anyamata aja anatsika kale, mwina akumwa mowa kumudzi.
Itakwana folo koloko mphepo inapuma kuti imeze malovu,
zii,
bambo anasolola chitseko cha filimu,
nandipatsa kachingwe.
Theka la sekondi.
Kaphokoso kake, ngakhale mbewa ikanakana kuti si ine.

Filimu imodzi.
Zisanu ndi ziwiri zinatsika osaona kanthu,
ndipo sizinapepuke chifukwa cha manyazi.
Kutsika kunali kwa mawondo awo,
ndinkamva akuluma mano kumbuyo kwanga,
mluzu utatha.

Usiku, a Cárcamo ali m'tulo, ndinakolekanso chikwama pa sikelo.
Makumi awiri ndi limodzi.
Kuchotsa madzi, kuchotsa buledi,
phiri lonse lija silinasunthe singano.

Filimuyo sanaitsukebe.
Ili m'kabati, mumdima wake, sabata yachitatu tsopano.
Akuti akudikira mankhwala ochokera ku Puerto Montt.
Paphewa panga chipsera chayamba kuyabwa,
ndipo dzulo ndinawapeza patebulo, mapu ali chitambasulire,
akuyeza ndi chala mtunda wina.